Mpira wa 3 koloko suoneka ku England koma ku Ndirande akuonera, zimatheka bwanji?

Mlendo_Leeds
Abale anga apagulu pano, tandithandizeni. Loweruka ndimafuna kuonera timu yanga, masewero oyamba 3 koloko masana nthawi ya kuno. Ndasakasaka matchanelo onse a mpira amene ndili nawo, palibe. Kuimbira mng'ono wanga ku Ndirande, kuli chiphokoso, akuti ali mu vidiyo sho akuonera masewero omwewo. Bwalo lake lili kuno konkuno, koma chigoli ndachimvera ku Blantyre. Kodi ndi lamulo kapena pali batani lomwe sindikulidziwa?

ManomaMpakaKale
Bwererani kumudzi achimwene, mpira wa azungu umakoma kuno.

Nachisale_MCR
Batani palibe achimwene, ndi lamulo ndithu. Ku UK saloledwa kuonetsa mpira pa kanema Loweruka kuyambira 2:45 mpaka 5:15 masana. Osati wa Premier League wokha ayi, ngakhale wa ku Spain kapena ku Germany ukagwera m'maola amenewo, matchanelo a kuno sauonetsa. Zinayamba m'ma 1960, ndipo amene amatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi ndi Bob Lord, yemwe anali wapampando wa Burnley. Iye ankati ukaika timu zikuluzikulu pa kanema nthawi imeneyo, munthu sangapitenso kukaonera timu yake ya m'tauni mwake. Malamulo a UEFA amalola dziko lililonse kutseka maola otere, koma ambiri sachita nazo. England ndiyo inakakamira.

Ku Malawi lamuloli silifika. SuperSport inagula masewero onse 380 a pa sizoni kuti izionetsa ku Africa kuno kwathu, ndiye mng'ono wanuyo ali ndi mwayi kuposa munthu wa ku Liverpool.

ChiwayaFC
"Ku Africa kuno kwathu" muli ku Manchester achemwali 😂

Nachisale_MCR
Mtima uli ku Dedza, musandilowerere.

Mlendo_Leeds
Komatu masiku ano aliyense ali ndi foni. Akuteteza chiyani? Amene akufuna kuonera akuonerabe mwakuba.

Akauntanti_wa_Gulu
Akuteteza matimu a m'munsi. Inu mukuona timu 20 za pamwamba, koma pansi pake pali 72 za EFL, pansinso pali mazanamazana a m'matauni ang'onoang'ono. Ambiri mwa amenewo amadya za pageti: tikiti, chakudya, zakumwa za tsiku la masewero. Ndipo pafupifupi onse amasewera 3 koloko Loweruka. Mvula ikugwa, kunja kukuzizira, pa kanema pali Liverpool, mukuganiza kuti bambo atenga ana kupita kukaima pa bwalo la ligi yachisanu?

Koma ndisakunamizeni kuti ndi chifundo chokha. Chinthu chikamasowa mtengo umakwera. Mu 1992, pomwe Premier League inkayamba, mgwirizano woyamba wa kanema, womwe BSkyB (Sky ya lero) inapambana, unali wa £304 miliyoni pa zaka zisanu. Mu December 2023 analengeza mgwirizano wa £6.7 biliyoni wa zaka zinayi kuyambira 2025. Sky inatenga masewero osachepera 215 pa sizoni, TNT Sports 52, BBC inatsala ndi zidule za madzulo. Amazon, yomwe inali ndi masewero 20 pa sizoni kuyambira 2019, inatuluka. Mukaonetsetsa, poyerekeza ndi mgwirizano womwe unatha mu 2025, ndalama pa sizoni sizinakwere kwenikweni, chomwe chinakwera ndi chiwerengero cha masewero omwe aperekedwa. Tsono atsala ndi chiyani choti adzagulitse ulendo winawo? Ndi a 3 koloko omwewo. Ine ndikuona kuti lamuloli silikhalitsa.

MauleWeniweni
Nthawi ya Covid analichotsa, dziko silinathe.

Akauntanti_wa_Gulu
Analichotsa chifukwa mabwalo anali otseka, kunalibe geti yoti aiteteze. Nthawi imeneyo ndi pomwe BBC inaonetsa Premier League laivu koyamba, ndipo masewero a Southampton ndi Man City mu July 2020 anaonera anthu 5.7 miliyoni. Kenaka mu October anayesa kugulitsa masewero amodzi pa £14.95, masapota anakana, ndalamazo n'kumakapereka ku malo othandiza anthu osowa chakudya. Sipanathe nthawi anazisiya.

MwiniSho_Area25
Ine nkhani za mapaundi zindipitirire, ndinene za kuno. Ndili ndi sho, mabenchi, ma TV awiri, jenereta kuseri. Loweruka la 3 koloko yanuyo, kuno imakhala 4 kapena 5 koloko malinga ndi nyengo, ndiye nthawi yovuta kwambiri kwa ine. Masewero angapo nthawi imodzi, a Arsenal akufuna awo, a Chelsea awo, wina wabetcha pa Brentford akufuna aziona ndalama yake ikumira ndi maso ake. Rimoti ndimaika m'thumba la thalauza, ndikaisiya patebulo pabuka ndewu. Bolodi la panja ndimalemba ndi choko m'mawa, koma zikafika pamenepo timavota ndi manja.

Funso langa kwa inu ophunzira: akamati masewero awa anaonera anthu mamiliyoni akutiakuti, anthu anga aja amawerengedwa? Chifukwa tsiku la Man United ndi Liverpool ena amaonera pa zenera.

Mphunzitsi_Opuma
Funso labwino kuposa loyamba lija, a Leeds musakhumudwe.

Yankho lalifupi, anthu anuwo sawerengedwa. Ndifotokoze mmene amawerengera kumene amawerengako. Ku UK kuli bungwe lotchedwa BARB, ku America kuli Nielsen. Sayenda khomo ndi khomo. Amasankha nyumba masauzande ochepa zoimira mitundu yonse ya anthu a m'dzikomo, olemera, osauka, a m'tauni, a kumidzi, n'kuikamo kachipangizo kolemba kuti TV ili pa tchanelo chiti ndipo akuonera ndani. Akatero amachulukitsa. Masiku ano akuphatikizako ziwerengero za pa intaneti ndi za m'madikoda, koma maziko ake ndi omwewo.

Ku America anaona kuti akutaya anthu ambiri a m'mabala ndi m'malesitilanti, ndiye mu 2020 Nielsen inayamba kuwaphatikiza oonera kunja kwa nyumba. Manambala a masewero anadumpha. Choncho mukamva kuti Super Bowl, fainolo ya mpira wa chiAmerica, ya February 2025 inaswa mbiri ndi anthu 127.7 miliyoni, dziwani kuti mbali ina ndi yoti muyeso unasintha. Simungafanizire ndi za m'ma 1990 mwachisawawa.

Tsono kwathu kuno dikoda imodzi ya a Area 25 ndi kasitomala mmodzi m'mabuku, ngakhale m'chipindamo mutadzaza anthu mpaka pakhomo.

ChiwayaFC
Nanga FIFA ija inati fainolo ya Argentina ndi France ku Qatar anaonera 1.5 biliyoni inawerenga bwanji? Inafika ku Chitipa?

Mphunzitsi_Opuma
Apo ndiye pamene atolankhani amatisokoneza. Pali manambala atatu osiyana. Pali avereji, kutanthauza anthu amene anali pa TV mphindi iliyonse ya masewero. Pali pachimake, mphindi imene anthu anachuluka zedi, monga nthawi ya mapenate. Ndiye pali onse amene anasuzumirako ngakhale pang'ono chabe. Ya FIFA ija ndi yachitatuyi, ndipo m'mayiko amene mulibe zoyezera amangoyerekeza. Ya Super Bowl ndi avereji ya dziko limodzi. Munthu akaziika pamodzi pa Facebook n'kumati taonani mpira waposa kakhumi, akufanizira thumba la chimanga chosatonola ndi ndowa ya ufa.

Sindikunena kuti World Cup ndi yaing'ono, ndi yaikulu kuposa chilichonse. Ndikungoti mukaona nambala, funsani kuti ndi iti mwa zitatuzi, ndipo waitulutsa ndani. Mwini katundu sanganene nambala yochepa.

Jozi_Boy
Madala mwaphunzitsa. Koma otsatsa malonda amakhulupirira manambala omwewo?

Mphunzitsi_Opuma
Iwo amagula ndi avereji, safuna zokometsera. N'chifukwa chake NFL, ligi ya mpira wa chiAmerica, inasainira mapangano a ndalama zoposa $100 biliyoni mu 2021 a zaka 11. Ku America chinthu chokhacho chomwe anthu akuonerabe nthawi imodzi, osadumpha malonda, ndi masewero.

MwiniSho_Area25
Ndiye kuti ife timangosangalatsa anthu, m'mabuku mulibe. Chabwino. Koma akamakweza mtengo amatikumbukira.

Akauntanti_wa_Gulu
Bwana, mtengo ukukwera chifukwa ufulu woonetsa amagula ndi madola, inu mukulipira makwacha. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Premier League sinatsitse mtengo wake chifukwa cha zimenezo. Chaka chomwecho mu August MultiChoice inalengeza kuti ikuchotsa DStv m'Malawi itasemphana ndi MACRA pa nkhani yokweza mitengo, nkhani inapita ku khoti, inadzabwerera kumapeto kwa chaka. Ku Nigeria nakonso naira itagwa makasitomala anathawa ambiri. Pano kampaniyi ili m'manja mwa Canal+ ya ku France kuyambira 2025. Mpira wa ku England ndi umene umagwira makasitomala, komanso ndi umene umadya ndalama zambiri za kampani.

MauleWeniweni
Vuto ndi loti palibe wopikisana naye. Pakanakhala awiri atatu mitengo ikanatsika.

GogoWaWayilesi
Mwana iwe unali kuti mu 2009? Wopikisana naye analipo, dzina lake GTV. Inabwera mu 2007, inalanda masewero ambiri a Premier League m'maiko ambiri a mu Africa, dikoda yotsika mtengo, anthu anakhamukira. Kumapeto kwa January 2009 inangozima, kampani yagwa, madishi anatsala pa madenga ngati zokongoletsera. Kenaka kunabwera Kwesé ya a Strive Masiyiwa, nayo pofika 2019 inali itatseka. Mpikisano pa mpira sutsitsa mtengo, umakweza, chifukwa onse akulimbirana chinthu chimodzi ndipo wogulitsa ndi mmodzi. Wopambana amakhala walipira mopyola, kenaka akufuna abweze kwa iwe.

Nachisale_MCR
Agogo akunena zoona. Kuno ku UK mabungwe oona za mpikisano analamula kuti kampani imodzi isamatenge masewero onse. Zotsatira zake? Munthu umafunika kulipira kuwiri, nthawi ina kutatu, kuti uone timu yako, ndipo a 3 koloko osawaonabe. Setanta inayesa, inagwa mu 2009. ITV Digital inalonjeza matimu a m'munsi £315 miliyoni, inagwa mu 2002, matimu anali atadyeratu ndalama zomwe sizinabwere, angapo anatsala pang'ono kutha.

Jozi_Boy
France ndiye yaonetsa poyera. Mediapro inalonjeza ndalama zoposa €800 miliyoni pa sizoni, sinathe ndi sizoni imodzi yomwe, pofika December 2020 inali itachoka. DAZN inabwera mu 2024, chaka chimodzi basi yatuluka. Pano ligi yatsegula tchanelo chakechake. Messi, Neymar ndi Mbappé onse anapita, ugulitsa chiyani?

ChiwayaFC
Tabitha ali ku Lyon, agulitse ameneyo.

Nachisale_MCR
Musaseke, mpira wa amayi ndi umene ukukwera pa kanema. Fainolo ya Euro 2022 ku Wembley inafika anthu 17.4 miliyoni pa BBC. Ligi ya ku America komwe kuli Temwa inasaina $240 miliyoni ya zaka zinayi mu 2023. Temwa anagoletsa zigoli 20 mu 2024, n'kukhala wosewera wopambana onse mu ligi, koma ndi angati kumudzi anaonerapo masewero ake athunthu? Timangoona tizidutswa pa WhatsApp m'mawa.

MwiniSho_Area25
Amasewera 2 koloko usiku achemwali. Ndikatsegula sho nthawi imeneyo aneba andiitanira apolisi.

ManomaMpakaKale
Tabwererani ku nkhani. Ine chimandinyansa ndi choti TV ndi imene ikulamula nthawi ya masewero. Lachisanu usiku, Lolemba usiku, Loweruka masana dzuwa lili pamutu.

Akauntanti_wa_Gulu
Wolipira ndiye amasankha. Klopp, ali kochi wa Liverpool, anakangana ndi mtolankhani wa BT Sport pa kanema pomwepo mu November 2020, atafanana mphamvu ndi Brighton, chifukwa choikidwa 12:30 Loweruka atasewera Lachitatu usiku. Mtolankhaniyo anamuyankha kuti nthawizo anavomereza ndi matimu omwewo posaina mgwirizano. Ndipo ndi zoona. Matimu amadandaula koma ndalama akulandira. Za m'dzikomo amagawana chonchi: theka mofanana, kota malinga ndi malo omwe wathera, kota malinga ndi kuchuluka kwa masewero ako omwe aonetsedwa. Ngakhale wothera pansi amatuluka ndi zoposa £100 miliyoni. Ndani angakane 12:30?

Ndipo 12:30 ya ku London ndi madzulo ku Asia. La Liga inachita poyera mu December 2017, El Clásico inayamba 1 koloko masana ku Madrid. Pano ndalama za Premier League zochokera kunja zikuposa za m'dziko mwawo. NBC yokha ku America inalipira pafupifupi $2.7 biliyoni ya zaka zisanu ndi chimodzi.

Mlendo_Leeds
Ndiye anthu kuno amatani? Anzanga akuntchito onse akuti ali ndi "kamtengo" kolowetsa ku TV koonera mpira mwakuba.

Nachisale_MCR
Achimwene samalani, makamaka inu amene mapepala anu ndi a viza. Mu 2023 anthu asanu omwe ankagulitsa zimenezo anamangidwa, mtsogoleri wawo zaka 11. Kale mayi wina wa bala ku Portsmouth, Karen Murphy, ankagwiritsa dikoda ya ku Greece, nkhani inakafika ku khoti la ku Ulaya mu 2011 ndipo anapambana mbali ina. Koma pano UK inatuluka mu EU, njira imeneyo musaidalire. Tsegulani wayilesi, BBC imaulutsa mawu, madzulo muonere Match of the Day.

GogoWaWayilesi
Eya, wayilesi! Ife takulira pamenepo. Muulutsi akati mpira uli pakati pa bwalo iwe umauona m'mutu. Anthu khumi kuzungulira kawayilesi kamodzi, mabatire atayanikidwa padzuwa kuyambira m'mawa.

ChiwayaFC
Agogo ayamba za 1978.

GogoWaWayilesi
1978 tinatenga chikho cha East and Central Africa pa Kamuzu Stadium, 1979 tinatenganso. Iwe watenga chiyani?

MtolankhaniWakale
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndilowepo pa mbali yomwe simunaikhudze. Ufulu woonetsa sungogula zithunzi, umagulanso pakamwa. Tchanelo chomwe chalipira mabiliyoni ndi chomwe chimaima m'mbali mwa bwalo, ndi chomwe chimayamba kufunsa kochi masewero akatha. Ena onse amadikira. Tsono mtolankhani wa tchanelo chimenecho angafufuze bwanji katangale wa ligi yomwe abwana ake akufuna kusainanso nayo chaka chamawa? Adzakuuzani za VAR usiku wonse, za kochi amene achotsedwe, za wosewera amene akugulidwa. Zimenezo sizipweteka wina aliyense, ndipo zimakoka anthu. Koma taonani nkhani zikuluzikulu zinachokera kuti. Za katangale wa ku FIFA anazikumba kwa zaka ndi Andrew Jennings ndi nyuzipepala ya Sunday Times, kenaka apolisi a ku Switzerland anamanga anthu ku Zurich mu May 2015 atapemphedwa ndi boma la America, ndipo milandu yambiri inali ya ziphuphu pa ufulu woonetsa womwewu. Za ndalama za Man City zinatuluka mu Der Spiegel ya ku Germany mu 2018. Palibe mwa amenewa amene anali ndi kamera pa bwalo.

Kwathu vuto ndi lomwelo koma laling'ono thupi. Mtolankhani wakwera basi ya timu, wagona pa ndalama ya timu, walandira chipondamthengo pa msonkhano wa atolankhani. Lolemba alembe kuti osewera sanalandire malipiro miyezi itatu? Ena amalemba ndithu, ndimawapatsa ulemu, koma amadziwa kuti ulendo wina basi idzanyamuka iwo ali pa siteji.

Jozi_Boy
Komatu akulu musaiwale kuti pa Sky pomwepo Gary Neville ndi Carragher anaiphwanya Super League, ligi yomwe matimu akuluakulu a ku Ulaya ankafuna kudzipangira okha, mu April 2021. Sanaope.

MtolankhaniWakale
Analankhula bwino, sindikana. Koma dzifunseni kuti Super League ikanatheka, katundu amene Sky inagula akanatsika mtengo kapena kukwera? Kulimba mtima kumaphweka pamene zofuna zako ndi za abwana zikuyenda njira imodzi.

Jozi_Boy
Apo mukuwalakwira. Neville akanalankhula ngakhale pa wayilesi ya kumudzi.

MauleWeniweni
Nanga za AFCON? Chaka chija tinatsala pang'ono kusaonera.

Jozi_Boy
Ya ku Ivory Coast, January 2024. CAF inagulitsa ufulu wa kuno kum'mwera kwa Sahara kwa New World TV ya ku Togo. SuperSport inalengeza kuti sionetsa, kuno ku Joni anthu anayamba kufufuza ma eriyo a SABC. Patatsala masiku ochepa anagwirizana. Zisanachitike izo, CAF inathetsa mu 2019 mgwirizano wa $1 biliyoni ndi Lagardère, ndipo kwa nthawi ndithu masewero a CAF anasowa pa SuperSport. Mpira wa ku England umaoneka sabata iliyonse osaphonya, wa ku Africa kuno mpaka mtima uli m'mwamba.

ManomaMpakaKale
Chigoli cha Gaba kwa Morocco chija chikanapanda kuoneka pa kanema bwenzi tikungouzana ngati nthano, ana osakhulupirira.

Akauntanti_wa_Gulu
Ndipo apo ndi pomwe ine ndimadandaulira ligi yathu. Taonani anzathu. Ku South Africa, PSL inachoka ku SABC kupita ku SuperSport mu 2007 pa R1.6 biliyoni ya zaka zisanu, anthu anakwiya, andale analowererapo, koma lero timu iliyonse imalandira ndalama mwezi ndi mwezi. Ku Tanzania, Azam inasaina mu 2021 mgwirizano wa zaka 10 wa mashilingi 225.6 biliyoni. Lero Simba ndi Yanga zikugula osewera m'maiko ena, zikufika mafainolo a CAF. Ife tikudalirabe geti ndi thumba la sponsa.

MauleWeniweni
Bullets ndi Wanderers ikhoza kugulitsidwa bwinobwino. Anthu alipo.

Akauntanti_wa_Gulu
Masewero awiri pa sizoni. Wogula akufuna ligi yonse, sabata iliyonse, nthawi yosasinthasintha. Akufunanso nambala yoti akaonetse otsatsa malonda, ndipo aphunzitsi atiuza kale kuti nambalayo palibe amene akuitolera. Ukapita kwa kampani ya sopo n'kunena kuti "anthu ambiri amaonera", akufunsa kuti angati, a zaka zingati, ali kuti. Uyankha chiyani?

MwiniSho_Area25
Abwere kwa ine ndiwapatse kope langa. Ndimalemba mutu uliwonse wolowa, tsiku ndi masewero ake. Tilipo ambiri a masho, kuyambira Karonga mpaka Nsanje. Koma ndinene chilungamo, tsiku lomwe ndinaika ligi yathu pa TV imodzi, ya England pa inayo, mabenchi onse anatembenukira mbali imodzi. Chithunzi cha kamera imodzi, mpira ukapita ku kona suoneka, chigoli osachibwereza. Anthu anazolowera zakunja.

GogoWaWayilesi
Ndiye mwina lamulo la a Bob Lord likufunika kuno osati ku England. Tsekani Arsenal Loweruka masana, muone ngati Bingu Stadium siidzadza.

ChiwayaFC
Agogo mukufuna ziwonetsero za mumsewu.

MwiniSho_Area25
Mukatseka Arsenal, lendi ya sho mundilipirira ndinu agogo?

Mphunzitsi_Opuma
A Area 25, kope lanulo musalitaye. Mwalemba kuyambira chaka chanji?

MwiniSho_Area25
Kuyambira sizoni imene Leicester inatenga ligi. Koma masamba ena ana anakulungira zitumbuwa.